Kupereka anyamata kuti upeze woponya mpira: njira iti ili ndi phindu mu baseball?

Ndinayamba kutsatira baseball chifukwa cha Gift Ngoepe. Pa 26 Epulo 2017, mnyamata wa ku South Africa ameneyu anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB, ligi yaikulu ya ku America, atavala yunifolomu ya Pittsburgh Pirates. Iye sanakhalitse mu ligiyo, koma ine masewerawa anandikola. Mpaka lero ndimadzuka 1 koloko usiku, foni m'manja, mawu nditatsitsa kuti ana asadzuke, chifukwa ku New York ikamakwana 7 koloko madzulo kuno timakhala tili pakati pa tulo.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri si malamulo a pabwalo ayi, koma msika wa osewera. Ife tinazolowera mpira wamiyendo, komwe timu ikamufuna wosewera imatulutsa ndalama basi. Ku MLB wosewera amene ali pa kontrakiti kawirikawiri amagulidwa ndi anthu anzake. Timu imapereka anyamata achisodzera amene akukhwimira m'maligi ang'onoang'ono, n'kulandira katswiri wokhwima kale. Kumudzi tingati ndi kudya mbewu: lero ukhuta, koma mvula ikagwa udzala chiyani? Ndipo palibe katundu amene matimu amadyera mbewu ngati woponya mpira.

Kwa amene simunazolowere, nazi zochepa zoti zikuthandizeni kutsatira. Timu iliyonse imasewera masewera 162 pa chaka. Imakhala ndi oponya asanu oyambitsa masewera, aliyense amaponya kamodzi pa masewera asanu, choncho wathanzi amayambitsa pafupifupi 32. Masewera amodzi amakhala ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning. Luso la woponya amaliyeza ndi nambala yotchedwa ERA, kutanthauza zigoli zimene amalola pa ma inning 9: ikakhala pansi pa 3 ndiye katswiri, ikapitirira 5 ndiye kuti zinthu zavuta. China chofunika kwambiri n'chakuti wosewera amakhala m'manja mwa timu zaka 6 zoyambirira mu ligi yaikulu, pa malipiro otsikirapo, asanapeze ufulu wopita kumene akufuna. Ndiye pamene timu ikusinthanitsa osewera, sikuti ikungogula mkono. Ikugulanso nthawi. Njira zonse zimene ndikuyerekeza pano zimasiyana pa funso limeneli: mukugula miyezi ingati, ndipo mukupereka zaka zingati?

Wobwereka wa miyezi iwiri kapena itatu

Masiku ano msika umatseka chakumapeto kwa Julayi, ngakhale kale kusinthana kunkathekabe mu Ogasiti. Timu imene yaona kuti chaka chake chafa imagulitsa katswiri amene kontrakiti yake ikutha, ndipo imene ikununkhiza chipulula cha mu Okutobala imamutenga ikudziwa kuti ndi mlendo wongogona.

Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi CC Sabathia. Pa 7 Julayi 2008, Milwaukee Brewers inamutenga ku Cleveland popereka anyamata anayi. Zimene anachita bambo ameneyu n'zovuta kuzikhulupirira masiku ano: anayambitsa masewera 17, anapambana 11, anagonja 2, ERA yake inali 1.65, ndipo masewera 7 anaponya yekha kuyambira inning yoyamba mpaka yomaliza. Kumapeto kwa Seputembala ankaponya atapuma masiku atatu okha m'malo mwa anayi, chonsecho akudziwa kuti mkono ukathyoka ndalama za kontrakiti yotsatira zapita. Tsiku lomaliza la ligi anagonjetsa Chicago Cubs, ndipo Brewers inalowa m'chipulula koyamba chichokereni 1982. Anthu a mumzindawo anali atadikira zaka 26.

Koma mu chipululamo anatuluka pa ndime yoyamba, atagonja kwa Philadelphia Phillies. Pofika Disembala, Sabathia anali atasayina ku New York Yankees zaka 7 pa madola 161 miliyoni. Nanga Cleveland? Mnyamata amene ankamutama kwambiri, Matt LaPorta, sanapite patali. Amene anadzabweza mtengo anali wongowonjezera pamwamba, wotchulidwa mochedwa, Michael Brantley, yemwe anasewera kumeneko zaka 10 ndipo mu 2014 anali wachitatu pa mavoti a wosewera wopambana mu ligi.

Ine ndimati Brewers inachita bwino, ngakhale sinatenge chikho. Timu ya mumzinda waung'ono, imene singapikisane ndi Yankees pa ndalama, inali ndi njira imodzi yokha yopezera mkono wotere.

Nkhani imene imatsutsa maganizo angawa ndi ya 1987. Mu Ogasiti chaka chimenecho Detroit Tigers inatenga Doyle Alexander wa zaka 36 ku Atlanta Braves. Mdalayu anapambana masewera 9 osagonjako, ERA 1.53, ndipo Tigers inapitirira Toronto Blue Jays kumapeto kwenikweni kwa ligi. Popanda iye sikanafika. M'chipulula anagonja masewera ake onse awiri kwa Minnesota Twins. Mtengo wake unali mnyamata mmodzi wa zaka 20, wa komweko ku Michigan, yemwe chaka chimenecho ankamenyedwa m'ligi yaing'ono. Dzina lake John Smoltz. Anadzapambana masewera 213, anatenga chikho cha World Series, ndime yomaliza ya chipulula, ndi Braves mu 1995, mphoto ya Cy Young ya woponya wopambana mu 1996, ndipo mu 2015 analowa mu Hall of Fame, gulu la akatswiri olemekezeka kwambiri m'mbiri ya baseball.

Anthu amatchula nkhaniyi ngati umboni wa uchitsiru. Ine sindivomereza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pa anyamata khumi a zaka 20 amene akumenyedwa m'ligi yaing'ono, ndi angati amadzakhala Smoltz? Tigers inagula chimene inkafuna ndipo inachilandira. Chimene nkhaniyi imatiphunzitsa n'chakuti wobwereka mtengo wake sudziwika tsiku logula, ndipo amene akuperekayo ayenera kukhala wokonzeka kudzamuona mwana wake akukulira kwa eni. Masiku ano njirayi yakwera mtengo mwanjira inanso: kuyambira 2012, timu imene yatenga wosewera pakati pa chaka silandiranso mwayi wowonjezera wosankha wachinyamata iye akachoka.

Katswiri amene akadali ndi zaka pa kontrakiti

Iyi ndiye njira yodula kuposa zonse, ndipo ndi imene ndimaikhulupirira, koma ili ndi msampha wake.

Pa 6 Disembala 2016, Boston Red Sox inatenga Chris Sale ku Chicago White Sox. Anali ndi zaka 27, wamtali, wowonda ngati nsungwi, woponya ndi dzanja lamanzere, ndipo kontrakiti yake inali itatsala zaka zitatu pa madola pafupifupi 38 miliyoni onse pamodzi, ndalama yochepa kwa munthu wa msinkhu wake. Chifukwa cha zaka zitatuzo, White Sox inatchula mtengo woopsa: Yoán Moncada, amene ambiri ankati ndiye wachinyamata wopambana onse, Michael Kopech, amene ankaponya mpira wothamanga kuposa makilomita 160 pa ola, ndi ena awiri.

Mu 2017 Sale anagwetsa omenya 308 ndi strikeout, kutanthauza kumulepheretsa womenya katatu mpaka atuluke. Mu 2018 Boston inafika mu World Series. Masewera achisanu, ku Los Angeles, ndinawaonera ndili pa mphasa pabalaza, chaja ili pakhoma. Pamene Sale ankatuluka kuti akatseke inning yomaliza, anzake atandanda mbali zonse akumuombera m'manja, kunja kuno kunali kukuyera ndipo atambala anali atayamba kale. Anagwetsa omenya atatu motsatizana. Womaliza, Manny Machado, anafuna kumenya mpira wokhota umene unamudutsa chakumapazi, mpaka anagwada bondo limodzi pansi. Chikho chinapita ku Boston.

Apa mpamene ndimaonera kusiyana ndi wobwereka. Boston inagula ma Okutobala atatu. Oyamba inatuluka msanga, achiwiri inatenga chikho. Ikanakhala kuti inabwereka Sale wa 2017 yekha, bwenzi tikunena kuti inataya Moncada pachabe. Chipulula cha baseball ndi masewera ochepa kwambiri moti timu yabwino imatha kutuluka chifukwa cha usiku umodzi woipa. Amene ali ndi mwayi woyesa katatu ali pabwino kuposa woyesa kamodzi, ngakhale atalipira kawiri.

Ku Chicago zinayenda mwapakatikati. Kopech anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2018. Moncada anawala chaka cha 2019, kenako kuvulala kunamusautsa. Timuyo inalowa m'chipulula mu 2020 ndi 2021 koma sinadutse ndime iliyonse, ndipo mu 2024 inagonja masewera 121. Ogulitsanso amatchova juga, kungoti kuluza kwawo kumabwera pang'onopang'ono, kopanda phokoso.

Tsopano msampha. Pa 31 Julayi 2018, Pittsburgh Pirates inayenda njira yomweyi ndi Chris Archer wa ku Tampa Bay Rays. Papepala zonse zinkaoneka zofanana ndi za Sale: dzina lodziwika, kontrakiti yotsika mtengo, zaka zingapo zotsala. Inapereka Tyler Glasnow, Austin Meadows ndi Shane Baz. Tsiku limenelo ndinakondwa, monga anakondwera otsatira ambiri a timuyi, chifukwa mwezi womwewo inali itapambana masewera 11 motsatizana ndipo tinkaona ngati nthawi yakwana.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Panali zinthu ziwiri zimene zinkaoneka kale kwa wofuna kuona. Choyamba, ERA ya Archer inali itakhala pamwamba pa 4 kuyambira 2016. Anali woponya wabwino, koma ukatswiri wake wa 2015 unali utatsalira m'dzina. Chachiwiri, timuyo sinali itafika. Masabata awiri abwino sasintha timu yapakatikati kukhala yolimbirana chikho, ndipo inamaliza chaka ndi 82 kwa 79, kunja kwa chipulula. Mu 2019 Archer anapambana 3, kugonja 9, ERA 5.19. Mu 2020 sanaponye n'komwe chifukwa cha opaleshoni, ndipo mu 2021 anabwerera ku Rays komweko. Pamenepo Meadows anali atamenya ma home run 33 mu 2019 (home run ndi kumenya mpira mpaka kutuluka kunja kwa bwalo, n'kupeza chigoli), Glasnow anali atasanduka chilombo, ndipo Rays inali itafika mu World Series ya 2020.

Njira inali imodzi, zotsatira zosiyana ngati usiku ndi usana. Boston inali kale pamwamba pa gulu lake mu 2016, inkangosowa mkono umodzi, ndipo inagula munthu amene anali pachimake. Pirates inagula mbiri ya munthu, pa nthawi imene nyumba inali isanafike pa denga.

Pali kanthambi ka njira imeneyi koyenera kutchula: katswiri wachikulire wa malipiro olemera. Usiku wa 31 Ogasiti 2017, patatsala mphindi zochepa kuti nthawi ithe, Justin Verlander wa zaka 34 anavomera kuchoka ku Detroit kupita ku Houston Astros. Popeza ankalandira madola 28 miliyoni pa chaka, mtengo wa anyamata unatsikirapo, ndipo atatu amene Tigers inalandira palibe anadzakhala katswiri. Verlander anapambana masewera ake onse asanu otsala, ERA 1.06, Astros inatenga chikho, ndipo iye anadzatenganso Cy Young mu 2019 ndi 2022. Chikho cha 2017 chinadetsedwa pambuyo pake, MLB itapeza kuti timuyo inkaba zizindikiro zachinsinsi zimene adani ankapatsana pabwalo pogwiritsa ntchito kamera, ndipo zimenezo siziyenera kubisidwa. Koma pa nkhani ya msika, timu imene ili ndi ndalama imachita bwino kusenza malipiro kusiyana n'kupereka ana ake abwino.

Wotseka masewera

Njira iyi ndimaiopa. Woponya wolowa kumapeto amaponya ma inning 60 kapena 70 pa chaka chonse. Mukamutenga mu Julayi mwagula mwina 25.

Pa 30 Ogasiti 1990, Boston inatenga Larry Andersen wa zaka 37 ku Houston. Anaponya bwino ndithu, ma inning 22, kenako anapita ku San Diego. Boston inapereka mnyamata wobadwira mumzinda womwewo, amene ankaoneka wotsekeredwa njira chifukwa pamalo ake panali kale katswiri, Wade Boggs. Mnyamatayo, Jeff Bagwell, anakamenya ma home run 449 ku Houston m'zaka 15. Womenya amasewera tsiku lililonse. Kumusinthanitsa ndi munthu wa ma inning 22 n'kugulitsa ng'ombe ya mkaka kuti ugule ndiwo za tsiku limodzi.

Komabe pali 2016. Chicago Cubs inali isanatenge chikho chichokereni 1908. Inali timu yamphamvu kuposa onse chaka chimenecho, ndipo pa 25 Julayi inapereka Gleyber Torres wa zaka 19 ndi ena atatu ku Yankees kuti itenge Aroldis Chapman. Ambiri sanasangalale naye chifukwa anali atangomaliza chilango cha masewera 30 pa nkhani ya nkhanza za m'banja, ndipo ine ndili m'gulu limenelo: kupambana sikufafaniza zimenezo. Pabwalo, Chapman anapulumutsa masewera achisanu a World Series poponya nthawi yaitali kuposa chizolowezi chake. Mu masewera achisanu ndi chiwiri, atatopa, analola home run ya Rajai Davis imene inafananitsa zigoli, koma Cubs inapambana 8 kwa 7 mu inning ya 10. Patangotha milungu yochepa Chapman anabwerera ku Yankees pa madola 86 miliyoni, ndipo Torres anamenya ma home run 38 mu 2019. Yankees inadya mbali zonse ziwiri. Koma mukafunsa munthu wa ku Chicago amene agogo ake anamwalira akudikira chikho, sangakuuzeni kuti akufuna Torres abwerere.

Ndiye njirayi ndimaivomera pamalo amodzi okha: timu ikhale yopambana kale onse, ndipo bowo lake likhale lomwelo.

Kusunga ana, n'kugula ndi ndalama

Ena amati bwanji osangodikira katswiri akhale mfulu, n'kumulipira, anyamata ako uli nawo. Vuto ndi msinkhu. Pofika pomasuka, woponya amakhala ali pafupi zaka 30, mkono wadya kale mtunda, ndipo amafuna zaka 6 kapena 7. Stephen Strasburg atatsogolera Washington Nationals ku chikho cha 2019 anasayina zaka 7 pa madola 245 miliyoni. Kuchokera pamenepo anaponya ma inning 31 okha ndi kachidutswa. Corbin Burnes, amene Baltimore Orioles inamutenga chaka chimodzi cha 2024 n'kumusiya apite, anasayina ku Arizona pa madola 210 miliyoni, ndipo pofika Juni 2025 chigongono chinali chitafuna mpeni.

Chigongono chimenechi ndicho chili pansi pa nkhani yonseyi. Muli kamtsempha kamene kamaduka chifukwa choponya mwamphamvu zaka ndi zaka. Opaleshoni yake imatchedwa Tommy John, dzina la woponya woyamba kuchitidwa mu 1974 ndi dokotala Frank Jobe, ndipo munthu amakhala kunja chaka chathunthu kapena chaka ndi theka. Sale nayenso inamupeza. Mu Malichi 2019 Boston inamuwonjezera zaka 5 pa madola 145 miliyoni, ngakhale phewa linali litamuvuta chaka chapitacho. Mu Malichi 2020 anachitidwa Tommy John, ndipo m'zaka zinayi zotsatira anaponya ma inning 151 onse pamodzi. Timuyo itatopa, mu Disembala 2023 inamupereka ku Atlanta, n'kuwonjezerapo madola 17 miliyoni, posinthana ndi Vaughn Grissom. Mu 2024 Sale anapambana 18, kugonja 3, ERA 2.38, n'kutenga Cy Young yake yoyamba.

Anthu ambiri amasakaniza zinthu zitatuzi n'kunena kuti Sale anawononga Boston. Ayi. Kumugula mu 2016 kunali kwanzeru. Kumuwonjezera mu 2019, chaka chimodzi chisanathe pa kontrakiti yakale ndipo phewa likukayikitsa, kunali kufulumira. Kumugulitsa mu 2023 kunali kutaya katundu pamene mtengo wake uli pansi penipeni. Chilichonse chiweruzidwe pachokha.

Ndikulemba zonsezi chifukwa Boston yabwereranso pa chitseko chomwechi. Mu Disembala 2024 inapitanso ku White Sox, n'kutenganso wamtali woponya ndi manzere, Garrett Crochet, popereka anyamata anayi: Kyle Teel, Braden Montgomery, Chase Meidroth ndi Wikelman González. Atatu mwa iwo ndi omenya, ndipo zimenezo zimandiluma, chifukwa womenya wachinyamata amakula modalirika kuposa woponya. Crochet anali atachitidwa kale Tommy John mu 2022, ndipo anali ndi chaka chimodzi chokha choyambitsa masewera. Koma anali ndi zaka 25, zaka ziwiri zotsala m'manja mwa timu, ndipo mu 2024 anagwetsa omenya 209 m'ma inning 146. Boston inagula mkono wa lero, osati mbiri ya dzana. Mu 2025 anapambana 18, kugonja 5, strikeout 255, n'kukhala wachiwiri pa Cy Young kumbuyo kwa Tarik Skubal, ndipo timuyo inalowa m'chipulula koyamba chichokereni 2021.

Kusinthanako ndikukuvomera. Chimene ndikuyang'ana ndi mtima uli m'mwamba ndi kontrakiti ya zaka 6 ya madola 170 miliyoni imene anamupatsa ligi ya 2025 itangoyamba. Ikusiyana ndi ya Sale poti yagwira munthu ali ndi zaka 25, osati pafupifupi 30, choncho ikulipira zaka zimene woponya amakhala pachimake. Koma mu masewera oyamba a chipulula, ku Yankee Stadium, anamusiya aponye mipira 117, atamaliza kale ma inning opitirira 205 m'chaka, pamene chaka chapitacho anaponya 146. Anapambana usiku umenewo, ndipo ndinaimirira pamphasa paja pamene ankatuluka. Masewera awiri otsatira Boston inagonja, chaka chinathera pomwepo, ndipo ine maso anga anali pa chigongono chija.